Zimene Anali Kutaya ku Geneva

Mukaphatikiza zonse zopangidwa na maatomu, kuyambila fumbi la mu Kanyama, madzi a mu Kafue, thupi lanu, dzuwa, mpaka nyenyezi zakutali kwambili, mumapeza pafupifupi 5 pelesenti cabe ya zimene zili m'cilengedwe. Nambala imeneyi inatsimikizidwa na setilaiti yochedwa Planck, imene zotsatila zake zinalengezedwa mu 2013. Pafupifupi 68 pelesenti ni mphamvu ina imene imakankha cilengedwe kuti cizifutukuka mofulumila, ndipo iyo ni nkhani ya tsiku lina. Yotsalayo, pafupifupi 27 pelesenti, ni cinthu cimene cili na kulemela, cimakoka nyenyezi monga mmene dziko limakokela mango yakupsa pansi, koma sicioneka. Asayansi amacicha dark matter.

Dzinali limasoceletsa pang'ono. Makala ni akuda cifukwa amameza kuwala. Dark matter siimeza kuwala ndipo siibweza. Kuwala kumangopyola monga palibe kanthu. Pamene muwelenga izi, ili kupyola m'cipinda canu na m'mafupa mwanu popanda kugogoda. Nifuna nikufotokozeleni mbili ya msako wake, maka-maka mbali imene siikambidwa kawili-kawili: ya anthu ocepa amene anafunsa kuti, bwanji ngati cinthuci si kanthu kamodzi kayekha, koma n'comangidwa na tuzidutswa, monga mmene ise tinamangidwila?

Woyamba kudandaula mokweza anali Fritz Zwicky, wa ku Switzerland, amene anali kugwila nchito ku Caltech ku America. Mu 1933 anayang'ana gulu lalikulu la milalang'amba lochedwa Coma. Anatenga liwilo la milalang'amba 8 cabe, n'kupeza kuti inali kuthamanga kwambili cakuti gululo linafunika kumwazikana kale-kale. Mangani mwala ku cingwe, muuzungulitse pamwamba pa mutu: mukawonjezela liwilo, cingwe cifunika kukhala colimba, apo ayi mwala uuluka. Kumwamba cingweco ni mphamvu yokoka, ndipo mphamvu yokoka imacokela ku kulemela. Zwicky anawelengetsa kuti kulemela kofunika kugwila gulu la Coma kunali kuwilikiza pafupifupi ka 400 kulemela kwa nyenyezi zooneka. Nambala yake inakula mopitilila cifukwa miyeso ya mitunda panthawiyo inali yolakwika, koma vuto leni-leni linalipo ndithu. Anzake sanamumvele kweni-kweni. Zwicky anali wodziwika na pakamwa polasa, ndipo mudziwa mmene zimakhalila na munthu wotelo: olo akambe zoona, anthu amayamba akumbukila mwano wake.

Panapita zaka pafupifupi 40. Vera Rubin, mzimayi amene anakula panthawi imene Princeton sinali kulandila akazi m'maphunzilo apamwamba a zakuthambo, anagwilizana na Kent Ford, katswili wopanga makina opimila kuwala. Mu 1970 anafalitsa miyeso ya mlalang'amba wa Andromeda, ndipo pofika 1980 anali atapima milalang'amba 21. Zimene anali kuyembekezela n'zosavuta kumva. Pozungulila dzuwa, Mercury amene ali pafupi amathamanga makilomita pafupifupi 47 pa sekondi, dziko lathu 30, Neptune wakutali 5 na pang'ono. Wakutali amayenda pang'ono-pang'ono cifukwa cingwe cimafooka. Koma m'milalang'amba ya Rubin, nyenyezi za kumphepete zinali kuthamanga mofanana na za mkati. Akatswili ena opima na mafunde a wailesi, monga Albert Bosma mu 1978, anapeza cimodzi-modzi kutali kwambili, kumene nyenyezi zinathela n'kutsala mpweya cabe. Rubin anamwalila pa 25 December 2016 asanalandile mphoto ya Nobel, ndipo ine nimaona kuti apo komiti inagona.

Pano wophunzila wocenjela amakweza dzanja n'kufunsa kuti: Aphunzitsi, nanga bwanji ngati lamulo la mphamvu yokoka ndilo lolakwika? Funso labwino, ndipo mbili inaliyankhapo kawili mosiyana. Pamene Uranus anali kuyenda mokhota, Urbain Le Verrier wa ku France anawelengetsa kuti pali pulaneti yobisika imene imukoka, ndipo mu September 1846 Johann Galle ku Berlin anapeza Neptune pamalo pomwepo. Mu 1859 Le Verrier yemweyo anayesa njila imodzi-modzi pa Mercury, n'kukamba kuti pali pulaneti ina pafupi na dzuwa. Anaipatsa na dzina lomwe, Vulcan. Anthu anaisakila zaka zoposa 50, koma kunalibe. Mu 1915 Einstein anaonetsa kuti lamulo la Newton ndilo linali lopelewela. Conco pamene Mordehai Milgrom wa ku Israel anakamba mu 1983 kuti tisinthe lamulo m'malo mosakila cosaoneka, sanali wamisala. Cimene cinakokela ambili ku mbali ya dark matter ni umboni wocokela kwina. Mu 2006 anapima magulu awili a milalang'amba amene anagundana, ochedwa Bullet Cluster. Mpweya wotentha, umene ndiwo mbali yaikulu ya zinthu za maatomu mmenemo, unatsalila pakati monga mamotoka awili amene aombana. Koma mphamvu yokoka yambili inapezeka kutsogolo, mbali iyi na iyo, monga kuti colemela ceni-ceni cinangopyola osaima.

Kuyambila kumapeto kwa ma 1970, ambili anaika ciyembekezo pa kanthu kamodzi. Anakapatsa dzina lacidule lakuti WIMP, liwu limene m'Cingelezi limatanthauzanso munthu wofooka. Kanafunika kukhala kolemela kuwilikiza pulotoni maulendo mahandiledi angapo, kosagawika, kongokhudza zinthu zina mwa apo na apo. Cimene cinawakopa ni masamu. Ukawelengetsa kuculuka kwa tunthu totele tumene tungatsale cilengedwe citazilala pambuyo pa ciyambi cake, umapeza nambala yoyandikana na imene akatswili a zakuthambo anapima. Kuwonjezela apo, ciphunzitso cochedwa supersymmetry, cimene anthu anali kucikonda pa zifukwa zina, cinali kupeleka kanthu kotele kwaulele. Mbadwo wonse wa asayansi unakula uli wotsimikiza kuti makina aakulu akangoyaka, WIMP idzaonekela.

Manje tiyeni tibwelele m'kalasi pang'ono, cifukwa popanda pulotoni nkhani yotsalayi siingamveke. Timaphunzitsa kuti atomu ili na maelekitiloni kunja, mapulotoni na manyutiloni mkati, ndipo silabasi imathela pomwepo. Koma mu 1964 Murray Gell-Mann na George Zweig, aliyense payekha, anakamba kuti pulotoni nayo ili na za m'mimba. Kumapeto kwa ma 1960, makina a ku Stanford anaombela maelekitiloni pa mapulotoni n'kuona kuti ena amabwelela monga agunda tumiyala tolimba mkati. Tumiyalato ndito ma quark. Pulotoni ili na atatu. Cimene cimanidabwitsa caka ciliconse nikamakamba izi n'cakuti, mukaphatikiza kulemela kwa ma quark atatuwo, mumapeza pafupifupi 1 pelesenti cabe ya kulemela kwa pulotoni. Kwina konseko kumacokela ku mphamvu imene imawamanga pamodzi, yonyamulidwa na tunthu tochedwa ma gluon. Thumba la unga la makilogilamu 25 limene munanyamula pamutu, pafupifupi lonse ni kulemela kwa comangila.

Comangilaci cili na khalidwe lacilendo. Maginito awili mukawatalikitsa, kukokana kumacepa. Ma quark mukawatalikitsa, zimakhala monga mphila ya legeni: mukoka, mphamvu iunjikana, mpaka mphila iduka. Ndipo poduka paja, mphamvu younjikanayo imasanduka ma quark atsopano amene amamatilila kumapeto konse kuwili. Ndiye cifukwa cake palibe amene anagwilapo quark imodzi payokha. Mukaimenya mwamphamvu kuti icoke, imasiya mzela wa tunthu tambili-mbili tothamangila mbali imodzi, monga madzi otuluka pa paipi yoboola. Mtolo umenewo amaucha jet. Sungani liwu limeneli.

Onani lomba zimene pulotoni imacita popanda wina kuilamula. Siiwola: ku Japan, makina a Super-Kamiokande ayang'anila thanki ya madzi matani 50,000 kuyambila 1996, ndipo sanaonepo pulotoni olo imodzi ikusweka. Mbale wake nyutiloni alibe mphamvu ya magetsi ukamuona kunja, ngakhale kuti ma quark ake mkati ali nayo, cifukwa zimafafanizana. Kusawola, kulemela, na kusaonetsa magetsi kunja ndiwo makhalidwe amene dark matter ifunika kukhala nawo. Pa WIMP, asayansi amacita kuwonjezela lamulo lapadela kuti isawole. Pa cinthu comangidwa monga pulotoni, zimabwela zokha.

Pali cinanso. Dark matter imaposa zinthu za maatomu maulendo pafupifupi asanu. Kwa ise asanu ni ambili, koma m'sayansi iyi, mmene nambala zimasiyana na mabiliyoni, 5 na 1 ali monga ana a nyumba imodzi. Maatomu athu ni makombo a nkhondo yakale: paciyambi zinthu na zotsutsana nazo, zimene amati antimatter, zinawonongana, ndipo panatsala pafupifupi kamodzi pa biliyoni iliyonse. Ngati WIMP inatsala mwa njila yosiyana kotheratu, n'cifukwa ciani makombo awiliwa ayandikana conco? Mu 1985 Shmuel Nussinov wa ku Tel Aviv anakamba kuti mwina si mwangozi. Panthawiyo panali ciphunzitso cochedwa technicolor, ca Steven Weinberg na Leonard Susskind, cimene cinali kuganizila mphamvu ina yomanga yofanana na ya ma quark koma yamphamvu kwambili. Nussinov anati: mphamvu imeneyo ingakhale na "pulotoni" wake, wolemela, wotsala pa nkhondo imodzi-modziyo. Technicolor m'maonekedwe ake oyamba inagwa, ndipo kupezeka kwa Higgs mu 2012 kunaikhomelela. Koma mbewu ya Nussinov inakhala m'nthaka.

Makina amene onse anali kuyembekezela ni Large Hadron Collider, mwacidule LHC, ya bungwe la CERN, pamalile a Switzerland na France pafupi na Geneva. Ni mphanga yozungulila ya makilomita 27, pafupifupi mtunda wocoka m'tauni ya Lusaka kufika ku eyapoti, ndipo ili mamita pafupifupi 100 pansi pa nthaka. Maginito aakulu 1,232 amakhotetsa mapulotoni kuti azizungulila, ndipo amawazizilitsa kufika madigili 271 pansi pa zilo. Anayatsa pa 10 September 2008. Patapita masiku 9, polumikizila nthambo pamodzi pakati pa maginito awili panatentha n'kusungunuka, mpweya wozizilitsa unaphulika, ndipo maginito 53 anacita kuwatulutsa kukakonza. Pofufuza anapeza kuti kopa yochinga malo olumikizila ena sinamatidwe bwino. Aliyense amene anakulila ku Copperbelt, kapena amene anaonapo waya wolumikiza mwacinyengo ukuyaka m'komboni, angamvetse. Makina a ndalama zoposa mafulanki 4 biliyoni a ku Switzerland anaima caka cathunthu cifukwa ca joini imodzi. Kugundanitsa kweni-kweni kunayamba pa 30 March 2010.

Koma cinthu cosaoneka ungacione bwanji m'makina? Amene mumachaya pool mudziwa kale yankho. Mpila woyela ukagunda wina, umodzi ukapita kumanzele, winawo upita kumanja. Ngati mwaona woyela wapatukila kumanzele popanda cina copita kumanja, mudziwa kuti wagunda cinacake cimene simunacione. Ku LHC mapulotoni amabwela mitu-mitu, conco zonse zothawila m'mbali zifunika kulingana. Malo ogundanilawo azingidwa na makina aakulu opima. ATLAS ni yaitali mamita 46. CMS ni yaifupi koma imalemela matani 14,000, katundu wa mathilaki a kopa oposa 460. Akaphatikiza zonse zimene zapimidwa n'kupeza kuti mbali imodzi yapelewela, amadziwa kuti cina cathawa osasiya phazi. Njilayi ni yakale. Wolfgang Pauli mu 1930 anaganizila kanthu kochedwa neutrino cifukwa ca kupelewela kotele, ndipo kanapezeka mu 1956.

Njilayi inalumapo anthu. Mu 1984 gulu la UA1 ku CERN, lotsogoleledwa na Carlo Rubbia amene analandila Nobel caka comweco, linalengeza zocitika zocepa zacilendo: jet imodzi mbali iyi, mbali inayo kulibe kanthu. Mapepala ofotokoza kuti supersymmetry yapezeka anagwa monga mvula ya January. Pofika 1985 zinaoneka kuti zinali zinthu zodziwika kale, tung'ono-tung'ono tosiyana tophatikizana, kuphatikizapo ma neutrino na kupima kopelewela. Zocitika ngati zimenezi zinaphunzitsa anthu kusamala kwambili. Makina opima ali na mipata, nthambo, na tumaselo takufa. Jet ikagwela pa malo otele, mbali ina ya mphamvu yake siiwelengedwa, ndipo kompyuta imaonetsa monga cina cathawila mbali imodzi-modzi na jet. Conco panakhala lamulo limene wophunzila aliyense amalandila tsiku loyamba: ngati copelewela caloza kumene kwaloza jet, cotsa, ni vuto la makina. Sakila cabe pamene copelewela cili kutali na jet iliyonse.

Lamuloli ni lanzelu ngati usakila WIMP. Ndipo anaisakila. Higgs inalengezedwa pa 4 July 2012. Mu 2015 mphamvu ya makina anaikweza kufika 13 TeV, mu 2022 kufika 13.6. Supersymmetry sinaoneke. Pansi pa nthaka nakonso, kumene amaika matani a xenon yamadzi n'kudikila kuti dark matter igunde atomu imodzi, kuli zii: mu mgodi wakale wa golide ku South Dakota, pansi pa phili la Gran Sasso ku Italy, na ku Jinping ku China. WIMP sinafe, koma malo amene ingabisale acepa maningi.

Mu 2006, LHC isanayake n'komwe, Matthew Strassler na Kathryn Zurek analemba pepala locenjeza. Anati pangakhale dela lonse la tunthu tokhala na mphamvu yawo-yawo yomanga, tumene si tolemela kweni-kweni, koma sitinatuone cifukwa njila yopita kumeneko imadutsa pa phili lalitali. Analicha Hidden Valley, cigwa cobisika. Phililo ni kanthu kolemela kamkhalapakati, kamene kamamva cinenelo ca ma quark athu komanso ca a kucigwako. Makina amphamvu akakwanitsa kukapanga, kangasweke kukhala ma quark a mdima. Ndipo ma quark a mdima angacite zimene ma quark amacita: kukoka mphila, kuidula, kupanga jet yawo. M'jet imeneyo, tunthu twina tungakhale tosawola, ndito dark matter, n'kuthawa mwakacetecete. Twina tungasweke kubwelela ku zinthu zathu zooneka. Anthu anawelenga, anagwedeza mitu, n'kupitiliza kusakila supersymmetry.

M'caka ca 2015 m'pamene nkhaniyi inapsa. Pedro Schwaller, Daniel Stolarski na Andreas Weiler anafotokoza mtundu umodzi: ngati tunthu ta mdima tumayenda kamtunda tisanasweke, mamilimita angapo kapena kufika mita, jet ingaoneke monga ikumela pakati pa makina, popanda mizu yofika pamalo ogundanila. Anaicha emerging jet. Vuto n'lakuti mapulogilamu a kompyuta olumikiza mapazi a tunthu anapangidwa poganiza kuti pafupifupi zonse zimayambila pakati kapena pafupi napo. Caka comweco Timothy Cohen, Mariangela Lisanti na Hou Keong Lou anafotokoza mtundu wina, semi-visible jet, yooneka mbali cabe. Mu jet yotele zooneka na zosaoneka zimathamangila pamodzi. Ndiye copelewela cidzaloza kuti? Kumene kwaloza jet. Ndendende pamalo amene lamulo lija limati cotsa.

Apa m'pamene mbili iyi imanigwila mtima. Kwa zaka zambili anthu anzelu kwambili, osamala kwambili, anali kusesela kunja mulu umene mwina munali cimene anali kufuna, ndipo anali kucita zimenezo pa cifukwa comveka. Koma kutaya kuli pawili, ndipo tisakusakanize. M'makinawa magulu a mapulotoni amakumana maulendo 40 miliyoni pa sekondi. Palibe kompyuta ingasunge zonsezo. Makina osankha, amene amati trigger, amagamula m'kanthawi kocepa kwambili, ndipo m'zaka za 2015 mpaka 2018 anali kusunga pafupifupi 1,000 cabe pa sekondi. Zimene trigger yakana zapita, sizidzabwelanso. Koma zimene inasunga, kenako wofufuza n'kuziika pambali cifukwa ca lamulo lija, zikali m'nkhokwe. Izo munthu angabwelele n'kuzipeta.

Anabwelela. Mu 2018 gulu la CMS linatulutsa kusakila koyamba kwa emerging jet. Silinapeze, koma linatseka mpata: ngati tunthu ta mdima tumayenda mamilimita 5 mpaka 225 tisanasweke, mkhalapakati wolemela pakati pa 400 na 1,250 GeV kulibe. Kuti mumve kukula kwake, pulotoni imalemela pang'ono kucepela pa 1 GeV. Mu December 2021 CMS inatulutsa kusakila kwa semi-visible jet, n'kukankhila malile kufika pa 5,100 GeV m'mitundu ina. Nchito yaikulu inali yosasangalatsa kuikamba: kupeza kaselo kakufa kalikonse m'makina, kudziwa nthawi imene kanafa, na kuphunzitsa kompyuta kusiyanitsa jet yopimidwa molakwika na jet yacilendo. Ni monga kusankha tumiyala mu mpunga, kungoti mpungawo ni wa zaka zitatu.

Kusakila kwa ATLAS kwa mtundu umenewu, kumene kunatuluka mu 2023, kunakhudza dela lathu lino. South Africa inalowa mu ATLAS mu 2010, ndipo pakati pa amene anatsogolela nchitoyi panali Sukanya Sinha, amene anali kucita digili yake ya udokotala pa yunivesiti ya Wits ku Johannesburg, pamodzi na mphunzitsi wake Deepak Kar. Anayang'ana njila ina imene mkhalapakati amangopatsilana pakati pa ma quark osaonekela yekha, pogwilitsila nchito zonse zimene ATLAS inasunga kuyambila 2015 mpaka 2018. Nawonso sanapeze, ndipo anatseka mpata kufika pa 2,700 GeV pa mtundu umene anayesa. Nimachula izi cifukwa ambili a inu muli na abululu ku Johannesburg ndipo mumadziwa mtengo wa basi yopita kumeneko. Geneva imamveka monga kumwezi. Braamfontein ayi.

Kuwelengetsa za dela lobisikali n'kovuta kuposa kulisakila. Mphamvu yomanga ikakhala yaikulu, masamu a pa pepala amakana, ndipo ngakhale kulemela kwa pulotoni wathu kunacita kufuna makompyuta akulu-akulu kuti kutuluke bwino. Mu 2015 gulu lina la ku America linagwilitsila nchito njila yomweyo pa cinthu ca mdima comangidwa na ma quark anayi, cimene anacicha stealth dark matter. Kompyuta imene anagwilitsila nchito ku Lawrence Livermore inali na dzina lakuti Vulcan. Nikakumbukila pulaneti ya Le Verrier ija, nimaseka nekha.

Manje maganizo anga. Mfundo imene imanikoka ni iyi: kagawo kathu ka 5 pelesenti kafuna mitundu 17 ya tunthu toyambila kuti tikafotokoze, ndipo mmenemo munatuluka mapulotoni, maatomu, kapenta na nyimbo za kalindula. N'cifukwa ciani gawo lalikulu kuwilikiza kasanu lingakhale na kanthu kamodzi cabe kopanda m'bale? Kuganiza conco kumanunkha kudzikonda. Palinso zizindikilo kumwamba: pakati pa milalang'amba ina ing'ono-ing'ono, dark matter imaoneka yomwazikana kuposa mmene makompyuta anali kulosela, ndipo mu 2000 David Spergel na Paul Steinhardt anakamba kuti zingakhale conco ngati imagundana yokha-yokha, cimene cinthu comangidwa cingacite mosavuta. Ena amati kuphulika kwa nyenyezi kungafotokoze zimenezo popanda cacilendo, ndipo mkanganowo ukalipo.

Koma cimene cimanidetsa nkhawa n'cakuti ciphunzitsoci cili na mabatani ambili. Ma quark a mdima angakhale awili kapena khumi. Angaleme motele kapena motele. Angasweke msanga kapena mocedwa. Mukatseka mpata uwu, wolemba mapepala amapotoza batani n'kutsegula wina. WIMP inali na ubwino umodzi: inakamba poyela kumene ikhala, ndiye cifukwa cake takwanitsa kuipanikiza. Ciphunzitso cimene sicingagonje konse cili monga wophunzila amene amalemba mayankho onse anayi pa funso limodzi. Amene ali m'nchitoyi amadziwa zimenezi, ndipo ndiye cifukwa cake kusakila kwatsopano kwayamba kusintha: m'malo moyesa mtundu umodzi-umodzi, amaphunzitsa kompyuta maonekedwe a jet yanthawi zonse, kenako n'kuiuza kuti iloze iliyonse yosafanana nayo.

Ndipo olo mawa atapeza jet yotele, nkhani siingathe. Kanthu kothawa m'makina a mamita 46 kafunika kukhala moyo kagawo kocepa kwambili ka sekondi kuti kasaoneke. Dark matter yakhalapo zaka pafupifupi 13.8 biliyoni. Geneva ingakambe kuti yapanga cina cosaoneka. Kuti ndico cimagwila Andromeda, pangafunike umboni wa m'migodi ija kapena wa kumwamba.

Nidziwa funso limene lili pakamwa panu, cifukwa limabwela m'kalasi nthawi zonse: ise tidyapo ciani? Yankho lozoloweleka n'lakuti World Wide Web inabadwila ku CERN mu 1989, m'manja mwa Tim Berners-Lee. N'zoona, koma sinilikonda, cifukwa palibe amene anakumba mphanga kuti apeze intaneti. Ndipo funso la ndalama si la ise tekha. America inayamba kukumba makina aakulu kuposa LHC ku Texas, mphanga ya makilomita 87, koma mu October 1993 nyumba ya malamulo inaimitsa nchitoyo atawononga kale madola pafupifupi 2 biliyoni na kukumba makilomita oposa 20. Lomba CERN ikuganizila mphanga ya makilomita pafupifupi 91, imene gawo lake loyamba lingadye mafulanki 15 biliyoni, ndipo asayansi eni ake agawikana. Ine nikanafunsidwa, nikanati tsilizani coyamba kupeta zimene muli nazo m'nkhokwe. Cimene ningakuuzeni motsimikiza n'cakuti kuyambila 2014 CERN imaika poyela mbali ya zimene makinawa anasunga, kuti aliyense atenge kwaulele. Cofunika ni masamu, Python pang'ono, na mabandulo, ndipo pa zitatuzi mabandulo ndiwo ovuta.

Pulogilamu ya CERN inaika kuti LHC iime pakati pa 2026 kuti aikonze, ndipo idzayakanso ca m'ma 2030 ili yokonzeka kusonkhanitsa zocitika kuwilikiza pafupifupi ka 10 kuposa zimene inapangidwila poyamba. Ma trigger atsopano adzasunga zambili pa sekondi, ndipo ena akulembedwa na anthu amene anakula akuwelenga Strassler na Zurek. CMS idzaikamo cigawo copima nthawi imene kanthu kafika, molondola kufika pa magawo makumi ocepa a tililiyoni a sekondi. Colinga cake cacikulu ni kulekanitsa kugundana kokwana pafupifupi 200 kumene kudzacitika panthawi imodzi. Koma cidzathandizanso pa msako uwu, cifukwa kanthu kolemela kamene kayenda kamtunda kasanasweke kamatumiza ana ake mocedwa pang'ono kuposa anzawo.